“Bola kumvana” sikukwanira pa pepala

Masabata apitawa chithunzi cha chikwangwani cha malo ena odyera muno mu Mzuzu chakhala chikuzungulira m'mafoni. Pachikwangwanipo panalembedwa kuti “We sale flesh fish”, ndipo amene anachijambula ankafuna kuti anthu aseke. Anthu anasekadi, koma kusekako sikunachedwe kusanduka mkangano. Ndaumva m'matakisi a ku Luwinga, ndaumva pamzere wa kubanki, ndipo walowa mpaka m'kasitolo kanga. Ena akuti mwini malowo wauchititsa manyazi mzinda wokhala ndi mayunivesite. Ena, omwe ndi ochuluka, akuti musiyeni munthu, Chingerezi sanayamwire, nsomba zake zikugulidwa, bola kumvana. Ine ndaima apa: aliyense amene wasankha kulemba Chingerezi pa chinthu chopita kwa anthu ena, kaya ndi kalata, chikwangwani kapena pangano la ngongole, ayenera kulemba cholondola, ndipo ife amene taona cholakwika tili ndi udindo womuuza mwaulemu. Oseka aja sindikuwaikira kumbuyo ngakhale pang'ono. Koma mawu akuti “bola kumvana” ndawaona akuliza anthu, ndipo ndikufuna ndifotokoze momwe amawalizira.

Ndiyambe ndanena komwe ndikuonera nkhaniyi. Ntchito yanga ndi yotayipa, kuprinta ndi kufotokopa mapepala chakufupi ndi msika waukulu, ndipo ndaigwira zaka zoposa 10. Patebulo langa pamadutsa makalata ofunsira ntchito, ma CV, mapulogalamu a maukwati ndi maliro, malamulo a magulu a banki m'khonde, makalata opempha malo kukhonsolo. Choncho ndikamati Chingerezi cholondola sindikunena choyankhulira m'mphuno, kapena mawu ataliatali otumiza munthu kudikishonale. Sindikunenanso za pakamwa. Mnzanga akandiuza kuti “I am coming” uku akutuluka pakhomo, ndimadziwa kuti akuti ndikubwera, ndipo palibe chomwe chatayika. Nkhawa yanga ili pa timawu tochepa ta tsiku ndi tsiku, tomwe tonse timaganiza kuti timatidziwa, tikakhala pa pepala n'kuchoka m'manja mwa mwini wake.

Mfundo yamphamvu kwambiri ya anzathu otsutsa ndi yomweyi ya kumvana, ndipo ndiivomereze kaye momwe ilili. Iwo akuti ntchito ya chiyankhulo ndi kufikitsa uthenga. Ngati wodutsa pamsewu waona chikwangwani chija, wamva kuti pali nsomba zaziwisi, walowa n'kudya, ndiye kuti chikwangwani chagwira ntchito, zina zonsezo ndi matama a anthu ophunzira. Pa nsomba ndikhoza kugonja. Koma kumvana kwa pakamwa kumathandizidwa ndi zinthu zambiri zomwe pepala lilibe. Tikamayankhula pali nkhope, pali manja, pali mwayi wofunsa kuti mwati bwanji. Pepala limayenda lokha, limakafika kwa munthu amene sakukudziwa, mwina patapita chaka, mwina iwe kulibenso, ndipo silingadzuke kunena kuti mwini wanga ankatanthauza zakuti.

Chaka chatha kunabwera mayi wina wogulitsa kaunjika, atakulunga kapepala m'jumbo, kuti ndimufotokopere kawiri. Anali atakongoza mnzake wapamsika ndalama zogulira belo. Pofuna kuti zinthu zikhale zolongosoka, anauza mwana wa Fomu 3 kuti awalembere pangano m'Chingerezi, poti Chingerezi ndicho chimaoneka cha boma. Mwanayo analemba m'dzina la mayiyo kuti “I have borrowed”, n'kutchula dzina la mnzakeyo ndi ndalamazo, ndipo onse awiri anasayina. Mnzake uja anadwala n'kumwalira ngongole isanathe. Abale ake atawerenga pepalalo anati, si apa mwasayina nokha kuti inu ndi amene munakongola? Mayiyo anandiyang'ana, misozi ili m'maso, n'kufunsa kuti, “Adada, tandiwerengerani bwino, palembedwa chiyani apa?” Ndinamuuza zoona, kuti kwa wodziwa Chingerezi pepalalo likuloza iyeyo ngati wangongole. Mawu oyenera anali “lent”. Zinatengera amayi anzake apamsika kukaikira umboni kwa mfumu ya m'dera lawo, ndipo ngakhale apo anangobwezeredwa gawo chabe patapita miyezi. Tsiku losayina lija anthu atatu onsewo anamvana bwinobwino. Pepala ndi lomwe linanena zina.

Tsono tiyeni tione komwe zolakwika zoterezi zimachokera, chifukwa pamenepa ndi pomwe oseka amaphonya. Mwana uja sanali mbuli. M'Chichewa timati “ndabwereka njinga” komanso “ndamubwereka njinga”, mneni yemweyo akugwira mbali zonse ziwiri, pomwe Chingerezi chimasiyanitsa “borrow”, kutenga, ndi “lend”, kupereka. Chimodzimodzi funso lokana. Wina akakufunsa kuti simunalandire katundu, iwe usanalandire, umayankha kuti inde, kuvomereza zomwe wanenazo. M'Chingerezi, funso lakuti “Haven't you received the goods?” ukaliyankha “Yes” ndiye kuti wavomera kuti katundu wafika. Taganizirani wamalonda wa hadiweya ku Katoto akuyankha choncho pa uthenga wa amene amamutumizira simenti kuchokera ku Lilongwe, uthenga womwe ukhala m'foni ngati umboni. Ifenso tili ndi “iye” mmodzi wa mwamuna ndi mkazi yemwe, n'chifukwa chake kalata yochitira umboni mtsikana imayamba ndi “she” n'kukathera pa “he”, wowerenga n'kumaganiza kuti yakoperedwa pa kalata ya munthu wina. Timati kukambirana za chitukuko, ndipo “za” ameneyu ndi amene amatikoka dzanja kuti tilembe “discuss about” pomwe Chingerezi chimangoti “discuss”. Nanga l ndi r? Kwa ife kusinthanitsa awiriwa sikusintha tanthauzo la mawu, koma kwa eni Chingerezi “fresh” ndi “flesh”, “pray” ndi “play”, ndi mawu osiyana kotheratu. Ndakonzapo mapulogalamu a maliro angapo pomwe panalembedwa “Let us play” pamalo pa pemphero. Mfundo yanga apa ndi yakuti zolakwika zathu zili ndi njira yake, n'zowerengeka, ndipo zimabwerezabwereza. Chinthu chomwe chili ndi njira chimaphunzitsika. Munthu amene wauzidwa kamodzi chifukwa chomwe “borrow” amamupusitsira sabwerezanso.

Gulu lachiwiri la otsutsa limabwera ndi mfundo yozama, ndipo ndaimva kwambiri kwa ophunzira a pa yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) akabwera kudzaprinta ntchito zawo. Iwo akuti Chingerezi chinasiya kale kukhala cha ku England kokha. Ku America ali ndi chawo, ku India chawo, ku Nigeria chawo, nanga ife tilekerenji kukhala ndi chathu? Amakumbutsanso kuti mu Januwale 2020 Oxford English Dictionary inalowetsa mawu 29 a Chingerezi cha ku Nigeria, kuphatikizapo “okada”, yemwe kwathu kuno tingati kabaza wa njinga yamoto, ndi “next tomorrow”, kutanthauza mkuja. Izi ndi zoona ndipo zimandisangalatsa. Ine ndemwe wina akalemba lipoti la Chingerezi n'kuikamo ganyu, nsima, chitenje kapena katapila, sindimuchotsera, chifukwa palibe mawu a Chingerezi amene amanyamula bwino zinthu zimenezi. Komabe pali kusiyana pakati pa kupatsa Chingerezi mawu a zinthu zathu ndi kutembenuza tanthauzo la mawu omwe alipo kale. “Kabaza” amamuwonjezera wowerenga chinthu chomwe sankachidziwa, ndipo akapanda kumva amafunsa. “Borrow” woikidwa pamalo pa “lend” safunsitsa, chifukwa wowerenga amakhulupirira kuti wamva, chonsecho wamva zotsutsana ndi zomwe zinachitika.

Ndivomerenso kuti pali zina zomwe sizitembenuza tanthauzo, monga “my names are”, “cope up with”, “equipments” kapena kuyamba chiganizo ndi “Am writing” popanda “I”. Mwina tsiku lina zina mwa izi zidzavomerezedwa ngati kalembedwe ka kuno. Koma zolemba zathu sizithera pa Mzuzu. Khofi wa m'mapiri a Misuku ndi Viphya amagulidwa ndi anthu akunja omwe amalemberana nafe maimelo. Malo ogona alendo ku Nkhata Bay amayankha mafunso a anthu omwe sanapondepo Malawi. Anyamata a ku Mzimba amakwera basi ndi CV m'chikwama kupita ku Johannesburg, ndipo atsikana athu amalembera mabungwe opereka thandizo la sukulu kunja. Onse owerenga amenewa sanachite nafe pangano loti azimva Chingerezi chathu. Amene akufuna ntchito mwezi uno sangadikire kuti dikishonale idzamuvomereze zaka zikubwerazo.

Mfundo yachitatu ndi yomwe imandigwira mtima, chifukwa ndi ya chifundo. Akuti kukonza Chingerezi cha munthu ndi kumunyoza chifukwa cha umphawi wake. Mwana wa ku sekondale yoyendera, amene anaphunzira m'kalasi yodzadza, buku limodzi ana angapo, sangafanane ndi amene makolo ake anamulipirira sukulu yapamwamba kuyambira ku mkaka. Ndiye ukamamuloza zolakwika, akuti ukungomukumbutsa malo ake. Kusiyana kumeneku kulipodi, ndipo ndimakuona tsiku lililonse. Koma tifunse kuti tikakhala chete, amalipira ndani? Dziko lathu linaika kale Chingerezi pachipata. Munthu salandira setifiketi ya MSCE ngati sanakhoze Chingerezi pakati pa maphunziro 6 ofunikawo, ngakhale masamu ndi sayansi atakhoza bwanji. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira. Ndipo bwana amene walandira mulu wa makalata pa ntchito imodzi samuimbira foni aliyense kumuuza kuti kalata yako ili ndi vuto. Amangoiika pambali, mwini wake n'kumati mwina ndi tsankho, mwina ndi tsoka. Mwana wa olemera ali ndi azakhali ake omuwerengera kalata asanaitumize. Mwana wa ku Mchengautuwa amene makolo ake sanapite patali ndi sukulu alibe womuwerengera, ndipo ife tikamuuza kuti bola kumvana, tamumana chinthu chokhacho chomwe mnzake uja amachipeza kwaulere. Paja wakutsina khutu ndi mnansi.

Chomwe chimasiyanitsa kutsina khutu ndi kunyoza ndi malo ake ndi mzimu wake. Amene anajambula chikwangwani chija akanatha kulowa, kugula mbale ya nsima, n'kumunong'oneza mwini malo kuti bambo, apa pakufunika “sell” ndi “fresh”, ndi zilembo zochepa chabe, wopenta akhoza kukonza lero lomwe. M'malo mwake anasankha kumuika pamaso pa mzinda wonse. Khalidwe limeneli ndi lomwe limachititsa anthu kuopa kufunsa, ndipo munthu woopa kufunsa amathawira ku chinthu china chomwe ndikuchiona ngati muzu weniweni wa vuto lathu: kukopera.

Pamenepa ndichedwepo pang'ono. Makalata ambiri oipa omwe ndimatayipa sanaipe chifukwa mwini wake sadziwa Chingerezi. Anaipa chifukwa mwini wake anaopa Chingerezi chomwe amachidziwa, n'kukabwereka cha wina. Pali ziganizo zomwe zakhala zikuyenda m'manja mwa anthu kuchokera kwa mkulu kupita kwa mng'ono ngati jekete lakale, ndipo paliponse zikudutsa zimathothoka. M'mawa wina wa Juni, kukuzizira monga kumachitira kuno, kunabwera mtsikana wa ku Chibavi ndi kalata yolemba pamanja yofunsira ntchito yogulitsa m'sitolo. Inayamba ndi “I am hereby humbly beg to apply in your most esteemed office”, ndipo inatha ndi “looking forward to hear from you”. Ndinamufunsa kuti chiganizo choyambacho chikutanthauza chiyani. Anaseka mwamanyazi n'kuti, “Ankolo, ndangokopera ya achimwene anga, amati makalata amayamba choncho.” Ndinamuuza kuti aiike pambali, andiuze ndi pakamwa m'Chingerezi chomwe akufuna. Mosachedwa anati, “I am applying for the post of shop assistant. I have sold groceries at my aunt's shop for two years.” Chingerezi choyera, chopanda banga, chochokera m'mutu mwake. Tinangolemba zomwezo. Kumapeto ndinamuonetsa kuti pambuyo pa “looking forward to” pamabwera “hearing”, komanso kuti kalata yoyamba ndi “Dear Sir or Madam” imatsekedwa ndi “Yours faithfully”, pomwe yotchula dzina la munthu imatsekedwa ndi “Yours sincerely”. Analemba zimenezi kuseri kwa envulopu yake.

Kuchokera pa zochitika ngati zimenezi ndinafika pokhulupirira kuti Chingerezi cholondola ndi chapafupi kwa anthu athu kuposa momwe amaganizira. Tinaleredwa ndi maganizo akuti chizungu chabwino ndi chomwe anthu sakuchimva, ndipo pamisonkhano timaombera m'manja amene wagwetsa mawu aakulu. Maganizo amenewa ndi omwe amapha makalata. Chiganizo chachifupi, chonena chinthu chimodzi, ndi mawu omwe mwini wake angawamasulire m'chiyankhulo chake, sichilakwika kawirikawiri. Aphunzitsi athu a Chingerezi akanachita bwino kupereka malikisi ambiri kwa mwana wolemba zomveka kusiyana ndi woloweza mawu okuluwika, ndiponso kupatula nthawi yophunzitsa mwachindunji malo omwe Chichewa ndi Chitumbuka zimakokera Chingerezi kumbali. Mwana akadziwa kuti cholakwika chake chili ndi chifukwa, manyazi amachoka.

Palinso amene akuti nkhani yonseyi ndi ukapolo wa m'maganizo. Tikuvutikiranji ndi chiyankhulo cha atsamunda m'malo mokweza zathu? Kuno kumpoto funso limeneli lili ndi bala lake. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pa wayilesi ya MBC ndi m'sukulu, ndipo chinadzabwerera pa wayilesi mu 1994. Ine Chichewa ndicho ndinayamwira, koma ndakhala kuno nthawi yokwanira kumva momwe akuluakulu amaikumbukira nkhaniyi. Ndipo mpaka lero gawo 51 la malamulo aakulu a dziko lino limafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi, ngakhale anthu amene akuwaimira ambiri sachiyankhula. Choncho amene akufuna kuti ziyankhulo zathu zipatsidwe malo m'maofesi, m'makhoti ndi m'sukulu, ine ndili nawo limodzi. Koma mfundo yawoyi, tikaitsata bwino, ikuthandiza mbali yanga. Ngati timanyadira ziyankhulo zathu, tizilembe. Mwini malo odyera uja akanalemba kuti “Tikugulitsa nsomba zaziwisi”, kapena kulemba m'Chitumbuka, palibe akanamuseka, ndipo makasitomala ake onse akanamva. Mayi wa kaunjika uja akanalembetsa kuti “ndamukongoza”, ndalama zake zikanabwera zonse, chifukwa pa ndalama Chichewa chimasiyanitsa bwino kukongola ndi kukongoza. Chomwe chinawapweteka onse awiri ndi chikhulupiriro chakuti pepala silikhala ndi mphamvu likapanda kukhala m'Chingerezi. Ukapolo weniweni ndi umenewo. Kulemba Chingerezi chothyoka sikumasula munthu kwa atsamunda, kumangomusiya wopanda chitetezo m'ziyankhulo zonse ziwiri.

Za amene akuti masiku ano foni imakonza yokha, yankho ndi lalifupi. Foni imagwira mawu omwe kulibe m'dikishonale, koma “flesh”, “sale” ndi “borrowed” onse ndi mawu enieni, ndipo nthawi zambiri imangowadutsa. Ine ndemwe ndimaona zikwangwani za anzanga a ntchito ngati yanga zolembedwa “stationary”, kutanthauza chinthu choima, pamalo pa “stationery”, zolembera ndi mapepala, chonsecho zinatayipidwa pa kompyuta. Mapulogalamu ngati ChatGPT akhoza kukulembera kalata yosalala, ndipo sindiletsa munthu kuwagwiritsa ntchito. Koma kuintavyu ukalowa wekha, ndipo pangano lomwe wasayina osalimvetsa limakumanga iwe, foni ili m'thumba.

Ndiye m'kasitolo kanga ndinasintha kagwiridwe ka ntchito. Kale ndinkangotayipa chomwe ndapatsidwa, poganiza kuti kukonza za munthu asanandipemphe ndi kudzikweza. Chichitikireni nkhani ya mayi uja, pangano lililonse la ndalama ndimayamba ndafunsa kuti wapereka ndani, walandira ndani, ndipo mukufuna tililembe m'chiyankhulo chiti. Ambiri amadabwa kumva kuti akhoza kulemba m'Chichewa kapena m'Chitumbuka, mboni n'kusayina pansi. Kalata ya Chingerezi ndimaiwerenga mokweza pamodzi ndi mwini wake, ndipo tikafika pomwe pakhota ndimamuuza chifukwa chake, motsitsa mawu ngati m'sitolo muli anthu ena. Alipo amene amakwiya, n'kunena kuti ndangobwera kudzatayipitsa, sindinabwere kusukulu. Ameneyo ndimamutayipira momwe wafunira, poti kalata ndi yake. Koma ambiri amakoka mpando n'kukhala pansi.

Mtsikana wa ku Chibavi uja anabweranso mwezi wathawu, ulendo uno ndi kalata ya mng'ono wake yopempha malo pa sukulu ya ntchito zamanja. Mtsikanayo anali atailemba yekha, ziganizo zisanu ndi chimodzi, zonse zazifupi. Ndinapezamo cholakwika chimodzi chokha: analemba “please advice me” pomwe pamafunika “advise”, poti wa c ndi dzina la malangizowo ndipo wa s ndiye mneni. Anatulutsa envulopu yakale ija m'chikwama, yomwe tsopano yadzadza mbali zonse, n'kufunafuna pakona pomwe panatsala malo.